Ndinakafunsira ntchito pamaliro ku Soche

Anzanga, munthu akayamba kukupatsani malangizo a kapezedwe ka ntchito mu Blantyre muno, muziyamba mwamufunsa kuti yakeyo anaipeza bwanji. Alamu anga a Chabwera ntchito yawo anachita kupatsidwa ndi amalume awo, intavyu sanalowepo chibadwire, koma mukawamva akulankhula za kusaka ntchito mungaganize kuti anatha nsapato khumi mumsewu. Ine ndinawamvera, ndipo zimene zinandichitikira ndi izi.

Dipuloma yanga ya kasungidwe ka katundu ndinamaliza zaka zitatu zapitazo. Kuyambira pamenepo palibe geti ya kampani m'tauni ndi ku Limbe imene sindinasiyepo envelopu, moti alonda ena amandipatsa moni ndi dzina, "Benito, wabweranso?" CV yanga, pepala lija timalembapo mbiri ya maphunziro ndi ntchito, ndaisindikiza kambirimbiri ndipo sindikukayika kuti ena mwa inu munadyerapo zigege. Ndimakhala ku Chirimba kwa achemwali anga, ndimagona pasofa pabalaza, ndipo m'mawa ndimadzuka msanga kuti eni nyumba apeze pokhala.

Tsono kumayambiriro kwa mwezi wina alamu ananena poyera kuti mwezi ukatha ntchito isanapezeke, andikweza basi ya ku Nsanje ndikathandize bambo kuweta mbuzi. Kunena zoona ndinachita mantha. Mbuzi sindidana nazo, koma kumudzi anandiperekeza ndi nthungululu pobwera kusukulu, ndipo amayi anauza kale mudzi wonse kuti mwana wawo ali muofesi. Ndikatsika bwanji basi ndi chikwama chomwechija?

Chiyembekezo changa chonse chinali pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Limbe, imene inamata chidziwitso kuti ikufuna kalaliki woyang'anira katundu. Kalata ndinasiya, yankho zii. Lachisanu lina alamu atangoweruka anandiitana pakhonde, nkhope ili ngati ya munthu amene watola foni mumsewu.

"Alamu, vuto lanu mumasaka ntchito ngati mwana wasukulu," anatero. "Bwana simukamupeza kuofesi, kumeneko ali ndi alonda ndi sekilitale. Mumupeze pamene ali munthu wamba."

"Pati pamenepo?"

"Pamaliro. Bwana Zuze wa kampani yanu ija waferedwa kholo, maliro ali ku Soche, ayika mawa. Pamaliro palibe geti, palibe wofunsa kuti mwabwera kudzaona ndani."

Achemwali anatulutsa mutu pawindo la kukhitchini. "Inu, mantha mulibe? Maliro a eni ake?"

"Sakukaba, akukathandiza," alamu anayankha osatembenuka n'komwe. Kenako anandipatsa malamulo. Ndikagwire ntchito molimbika kuti bwana andione. Ndisakayerekeze kunena kuti malemu sindinkawadziwa. Ndipo CV ndisakapereke m'manja ngati wopempha, koma ndikaisiye pamalo poti bwana akaipeze yekha mtima ukakhala pansi. Ine, munthu wa dipuloma yanga, ndinagwedeza mutu n'kunena kuti zikomo.

Loweruka m'mawa ndinavala suti yakuda ya alamu. Iwo ndi munthu wa mimba yake, ine ndine wowonda ngati bango, ndiye jekete linkandizungulira kawiri. Thumba lamkati lakumanja linali lobooka, choncho envelopu yanga ya khaki ndinaiyika kumanzere. Minibasi mpaka m'tauni, ina mpaka ku Soche, ndipo nyumba yamaliro sindinavutike kuipeza chifukwa magalimoto anali atadzaza msewu.

Ntchito ndinaigwira, zimenezo asandinamizire munthu. Mipando ndinanyamula, tenti ndinakoka nawo, nkhuni ndinawaza ndili mu suti thukuta lili kamukamu. A kuchimuna ankaganiza kuti ndine wa kuchikazi, a kuchikazi ankaganiza kuti ndine wa kumpingo, a kumpingo ankangondituma. Nditatopa ndinakhala pampando pafupi ndi bambo wina wachikulire wa ndodo, ndipo anandiyang'ana mwachifundo.

"Mwagwira ntchito, mwana wanga. Munkawadziwa malemuwa?"

"Kwambiri," ndinatero ndikupukusa mutu. "Anali bambo wabwino. Bambo ngati amenewa sadzapezekanso."

"Bambo?" Mkulu uja analoza ndi ndodo kwa agogo ena aamuna amene anakhala kutsogolo atazolika. "Bambo ndi awo ali apowo. Amene atisiya ndi amayi."

Mayo ine! Alamu anangoti kholo, ndipo ine sindinafunse kuti kholo lake liti. Pamenepo munthu wanzeru akanadzuka ngati akupita kuseri n'kukakwera minibasi. Koma ine ndinangonena kuti, "Ndikutanthauza kuti kwa ine anali mayi, komanso anali bambo."

Mkulu uja anandigwira dzanja, maso ake atadzaza misozi. Sanathere pomwepo, anauza woyandikana naye, winayo n'kuuzanso wina, ndipo pasanathe theka la ola tenti yonse inkadziwa kuti mnyamata wa suti yaikuluyo ndi mwana wamasiye amene malemu ankamuthandiza mwakachetechete. Makolo anga onse ali moyo ku Nsanje, koma ndikanatsutsa bwanji? Anandidzutsa kumbuyo kuja n'kukandikhazika mzere wachiwiri, kumbuyo kwenikweni kwa anamfedwa, pakati pa mkulu wa ndodo uja ndi amayi ena onenepa a chitenje cha mpingo.

Apo n'kuti bwana Zuze nditawazindikira kale, bambo wamtali wa magalasi amene aliyense ankamugwira chanza ndi manja awiri. Anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Achimwene, ndamva kuti amayi ankakuthandizani. Ife sanatiuzepo, koma ndi mmene analili. Zikomo pobwera."

Mtima unandilasa pang'ono, sindinama, komanso mbali ina ya mtima womwewo inkavina kuti bwana wandilankhula. Kenako anatulutsa envelopu m'jekete lawo.

"Ndikutumeniko. Iyi ndi mbiri ya amayi, mukapereke kwa a Nampuntha, awo a tayi yofiira ali pafupi ndi maikiwo. Ndalemba m'Chingerezi koma amasulira okha, ndi aphunzitsi akale."

Envelopu yake inali ya khaki, kukula kwake chimodzimodzi ndi yanga. Popeza thumba linalo linali lobooka, ndinaiyika kumanzere komweko, ziwirizo n'kugona pamodzi. Ndinazungulira kuseri kwa tenti, ndipo pamenepo ndinaona galimoto ya bwana itaima pamthunzi, galasi lili lotsitsa pang'ono, dalaivala akucheza chapatali. Mawu a alamu anandibwerera, pamalo poti akaipeze yekha. Ndinacheuka uku ndi uku, n'kusolola envelopu imene ndinali wotsimikiza kuti ndi yanga, n'kuiponya pampando wakumbuyo. Inayo ndinakaipereka ndi manja awiri kwa a Nampuntha. Kutsegula kuti ndione? Ndikanatero bwenzi ndikukufotokozerani chiyani lero?

A Nampunthawa malemu sankawadziwa. Mkulu wampingo amene anayenera kuwerenga mbiri anadwala, ndiye anachita kuitanitsa iwowa kunthambi ya mpingo ya ku Kanjedza chifukwa amatchuka ndi kumasulira. Anali munthu wamfupi, wa makutu osamva bwino, ndipo Chingerezi ankachinyadira ngati anachita kuchilima okha. Ndikubwerera pampando wanga ndinaona galimoto ya bwana ikutuluka, ndipo mumtima ndinati yenda bwino CV yanga, tikaonana Lolemba.

Mwambo unayamba. Analankhula a kubanja, analankhula oyimira anthu a m'dera, kenako woyendetsa mwambo anati tsopano timve mbiri ya malemu. A Nampuntha anakonza tayi, anavala magalasi, anang'amba envelopu, n'kugogoda maiki kawiri.

"Dzina la malemu nonse mukulidziwa, sinditaya nalo nthawi," anayamba motero. Kenako anatchula tsiku lobadwa.

Anzanga, tsiku limenelo ndinalidziwa. Mwezi ndinaudziwa. Chaka ndinachidziwanso, chifukwa ndi chimene ndinabadwa ine. Anthu anayang'anana, poti mwa kuwerengera kumeneko malemu anali aang'ono kwa ana awo onse, koma wina kumbuyo ananong'ona kuti ndi makompyuta awa amalakwitsa manambala. A Nampuntha atanena kuti kwawo kunali ku Nsanje anthu anakhazikikanso, chifukwa banjali n'lochokeradi kumeneko. Ine ndinayesa kudzuka, koma mkulu wa ndodo anandigwira bondo n'kunena kuti, "Limbani mtima, mwana wanga, mverani mpaka kumapeto."

"Pankhani ya banja," a Nampuntha anapitiriza, mawu akumveka mpaka kuphiri la Soche, "pano palembedwa kuti malemu sanalowepo m'banja."

Agogo aamuna aja, amene chiyambire m'mawa sanadzutse mutu, anaudzutsa. "Nanga ine?" anafunsa mokweza. "Zaka zonsezi ndimatani m'nyumbamu?"

Woyendetsa mwambo anathamanga n'kukawakoka jekete a Nampuntha, koma iwo anamukankha dzanja. "Ndisiyeni ndimalize, ulemu kwa malemu!" Ndipo anapitiriza ndi mphamvu zatsopano. Malemu anali ndi dipuloma ya kasungidwe ka katundu. Malemu ankadziwa kompyuta bwino lomwe. Malemu anali wokhulupirika, wosunga nthawi, wotha kugwira ntchito yambiri popanda womuyang'anira. Apa amayi a kumpingo anavomera onse pamodzi kuti "Ameni," chifukwa zimenezo zinkawayeneradi malemu, ndipo ena anayambiranso kulira. Mizere imeneyo ndinachita kukopera pa CV ya mnzanga.

"Pa nthawi yawo yopuma," anatero a Nampuntha, n'kuima kaye kuti apeze Chichewa chabwino, "malemu ankakonda kumenya mpira wamiyendo, makamaka pagolo."

Amayi onenepa a pambali panga anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankalira kapena ankaseka. Ine ndinkapemphera kuti magetsi azime. Tsiku lililonse m'Blantyre muno magetsi amazima, koma tsiku limenelo anayaka ngati alipidwa. A Nampuntha anawerenga anthu amene angachitire umboni khalidwe la malemu, woyamba a Chabwera a ku Chirimba, anawatchula ndi malo awo antchito omwe. Pomaliza anafika pa nambala ya foni, imene ndinailemba pansi penipeni ndi zilembo zikuluzikulu kuti bwana asadzavutike.

"Pali nambala apa, mwina ndi ya ofuna kudziwa zambiri." Anayamba kuitchula pang'onopang'ono, imodziimodzi, monga mphunzitsi amene akufuna kuti ana alembe.

Bwana Zuze sanakuwe, sanadzuke. Anangotulutsa foni yawo n'kumadina nambala iliyonse a Nampuntha akaitchula. Ndinkawaonera paphewa, chala chawo chikuyenda. Atamaliza anaika foni kukhutu, tenti yonse ili chete.

Foni yanga inalira. Nyimbo yakenso si ya kutchalitchi, ndi ija timavinira paukwati poponya ndalama, ya ng'oma zake. Ndinapisa m'thumba kuti ndiizimitse, ndipo apa m'pamene ndinazindikira kuti ndinaiyika m'thumba lobooka lija, inali itagwera mkati mwa jekete. Ndinaisaka kutsogolo, inathawira kumbuyo. Ndinaimirira, ndinapotokola thupi, ndinadzimenya m'chiuno, nyimbo ikungolira, moti woonera patali akanati mwana wamasiye uja chisoni chamupitirira wayamba kuvina. Anthu mazana anandiyang'ana ine ndekha.

Bwana anadula foni n'kutembenuka. Analankhula motsitsa, ndipo kukanakhala bwino akanandilalatira.

"Envelopu yanga ili kuti?"

"Ili m'galimoto mwanu, bwana."

"Galimoto yapita ku Limbe kukatenga nkhata."

Mkulu wa ndodo anachotsa dzanja pabondo langa n'kulipukuta pathalauza lake. A Nampuntha anali akutembenuzabe pepala kuti aone ngati kuseri kuli zina.

Zimene zinatsatira sizoseketsa. Bwana Zuze anapita pamaiki opanda pepala. Anati mbiri ija anakhala masiku awiri akuilemba ndi bambo awo, akufunsa achibale kumudzi kuti pasasowe kanthu, koma tsopano anena zimene akukumbuka. Anafotokoza kuti amayi awo anagulitsa nsomba zouma mumsika wa Limbe zaka zambiri, kudzuka kusanache, mpaka ana asanu onse anaphunzira. Atafika pamenepo mawu anawathera, anavula magalasi n'kulira ngati mwana. Ine manyazi anandigwira enieni, osati a kusekedwa aja, koma a munthu amene waba chinthu choti sangathe kubweza. Ndinakumbuka amayi anga, ndipo ndinalira nawo. Pa zonse zimene ndinachita tsiku limenelo, kulira kumeneko kokha n'kumene kunali koona.

Kuthawa sindikanatha, pamaliro suchoka thupi lisanayikidwe, ndiponso aliyense anali atandidziwa. Ndinayenda nawo mpaka kumanda ndili kumapeto kwa mzere, anthu akundipatukira. Bambo wina anandiyandikira n'kundifunsa mwaulemu kuti, "Pepani malemu, manda akumba amodzi okha, inu mudikira?" Mayi wina anati akufuna wapagolo ku timu ya amayi a kumpingo kwawo. Ndinangoti zikomo kwa onse.

Pofika ku Chirimba nkhani inali itandipitirira. Wina wa kuntchito kwa alamu anali pamaliropo, ndipo atamva dzina lawo pamaiki anawaimbira kuwafunsa kuti agogo a ku Soche ankawadziwa bwanji mpaka kuwachitira umboni wa zapagolo. Ndinawapeza alamu atakhala pakhonde, ndipo funso lawo loyamba linali lakuti suti yawo ikununkhiranji utsi. Achemwali sanaseke. Anandiuza kuti Lolemba ndipite ndikapepese, ntchito kaya ipezeke kaya isapezeke, chifukwa iwo sanaleredwe ndi munthu wosewera pamaliro.

Lolemba lake bwana anali asanabwerere kuntchito, ndinawapeza Lolemba linalo, patatsala masiku anayi kuti mwezi uthe. Mlonda atamva dzina langa anatsegula geti mofulumira, kumwetulira mpaka m'makutu, ndipo sekilitale sanandifunse n'komwe kuti ndabwera kudzatani. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zitatu ndinalowa muofesi ya bwana. Ndinapepesa zonse, za envelopu, za umasiye wabodza, za amayi awo amene sindinawaonepo ali moyo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndamva," anatero. "Mwachita bwino kubwera."

Apa ndikanadzuka n'kumapita ndi ulemu wanga wotsalawo. Koma nkhope ya amayi anga ndi mbuzi za bambo zinandibwerera, ndipo pakamwa panga panatseguka pokha. "Nanga za ntchito ija, bwana?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ntchito ija tinapereka kale kwa mwana wa achemwali anga, amayi asanadwale n'komwe. Chidziwitso tinangomata poti malamulo a kampani amatero."

Mwana wa achemwali awoyo ndinamuona pamaliro paja, tsiku lonse anali pafoni, mpando ngakhale umodzi sananyamule.

"Koma CV yanu ndi yabwino," bwana anapitiriza. "Ndinaimva yonse. Amayi ena analira nayo. Kungoti bambo anga mwawasiyira maganizo, tsiku lililonse akundifunsa ngati pali zina zimene amayi ankawabisira, kuwonjezera pa mpirawo."

Ndinatuluka. Ndikuyenda kupita kokwerera minibasi ndinaganiza kuti zaka zitatu ndakhala ndikugawa pepala limenelo m'tauni yonse, ndipo munthu woyamba kuliwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi analiwerengera bokosi lamaliro. Zinandiwawa, komabe ndinaseka ndekha mumsewu mpaka wogulitsa nthochi anandisunthira dengu lake.

Mwezi unatha. Tsiku lomaliza alamu anayamba kukhosomola pofuna kutchula za basi ya ku Nsanje, koma achemwali anawadula. "Akapita mupita naye limodzi, mukawafotokozere bambo ndi mayi kuti anamutuma ndani kukadzitcha wamasiye iwo ali moyo." Alamu anamwa tiyi wawo mwakachetechete, ndipo nkhani ya basi sinamvekenso. Sofa ndikadali nayo, ntchito ndikusakabe, ndipo malangizo m'nyumba muno anatha.

Pamaliro ndimapitabe, poti ndi udindo wa aliyense, koma ndinalumbira kuti ndizipita a anthu amene ndikuwadziwa, m'matumba mulibe pepala, foni ndasiya kunyumba. Ndipo achemwali ndinawauza kale kuti tsiku langa likadzafika asadzavutike kulemba mbiri, angodzaitana anthu a ku Soche, anaimva kale yonse.